Malonda a pa Dooko la Kafue

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukuru wonka kumwera, atayenda mtunda wa makilomita monga 45, amafika pa tauni ya Kafue. Coyamba cimene maso ace amaona ndico nyumba zazitari za mafakitale ndi macumuni ace. Akapitirira pang'ono amafika pa mtsinje, ndipo pamenepo, m'mbali mwa mseu, amapeza amai ndi anyamata atanyamula nsomba m'manja, alikuitana a pa galimoto kuti agule. Mnyamata amene wangotsiriza sukulu, kalata yace ya mayeso iri m'thumba, kawirikawiri amayang'ana mafakitale aja ndi kulakalaka mpando wa ukalaliki m'menemo, koma ogulitsa nsomba sawayang'ana kawiri. Komatu mbiri ya malo amenewa ikafunsidwa kuti mwa awiriwa wakhalitsa ndani, macumuni aja alibe poyankhira. Malonda a nsomba analipo mafakitale asanamangidwe, ndipo pamene ena a mafakitalewo anatseka zitseko zao, malonda omwewo ndiwo analandira ambiri a anthu ocotsedwa nchito.

Mtsinje wa Kafue umacokera kumpoto, kufupi ndi malire a dziko la Congo, ndipo utapyola dziko la migodi ya mkuwa umakhotera kum'mawa ndi kutambalala m'dambo lalikuru, lotalika makilomita monga 240. Pa malo pamene pali tauni lero mpamene dambolo limathera, madzi nasonkhana pamodzi asanalowe m'mapiri ndi kutsetserekera ku Zambezi. M'dziko lozungulira dambo limeneli munali Aila ndi Atonga, eni ng'ombe zambiri, Asala ndi Asoli, ndiponso Atwa amene ankakhala m'kati mwa dambo momwe, cakudya cao nsomba. Anthu amenewa anadziwa malonda Mzungu asanafike. Mcere wophikidwa ku Basanga, m'dziko la Aila, unkayenda mitunda yaitari. Makasu, zikopa, fodya ndi ng'ombe zinkasinthana manja. Mphande, cigoba coyera cija ca ku nyanja ya mcere, inali cuma ca mtengo wapatali. Acikunda ocokera ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero kuchedwa Luangwa, ankakwera ndi nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga, nabwerera ndi minyanga ya njobvu, ndipo, cinthu comvetsa cisoni, ndi anthu omwe. Pa masiku amenewo panalibe mtengo wolembedwa pa katundu. Wamalonda anayenera kudziwa m'mutu mwace kuti mitanga ya mcere yakuti iyenerana ndi ng'ombe yotani, ndi kuti mtengowo usintha bwanji caka ca njala.

Njanji inasintha zonsezi m'zaka zowerengeka. Ulalo wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unatha m'caka ca 1905, ndipo m'caka ca 1906 kampani ya Pauling inamanga ulalo wa pa Kafue, wa zigawo 13, wotalika mamita 427, umene unali wautari koposa maulalo onse a pa njanji imeneyo. Caka comweco sitima inafika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe. Pamene sitima iima kuti imwe madzi, anthu amatsika, ndipo pamene anthu atsika pamabadwa sitolo. Umo ndimo tauni ya Kafue inayambira: siteshoni, nyumba za anchito a njanji, masitolo pang'ono, ndi minda ya Azungu imene inatsata njanji uku ndi uku. Kwa zaka zambiri alimi Acizungu ankacitira pa Kafue cionetsero cao ca zolima ndi zoweta, cisanasamutsidwire ku Lusaka.

Kodi mwini dziko anapezapo ciani? Msonkho, umene unayamba m'cigawo cimeneci m'caka ca 1904, unamkakamiza kufuna ndarama, koma njira zopezera ndaramazo mwa malonda zinali zopapatiza. M'zaka za 1928 ndi 1929 Boma linapatula maiko a anthu akuda, ndipo ambiri anasunthidwa kucoka m'mbali mwa njanji, kumene kunali msika. Alimi Acitonga atagula makasu a ng'ombe ndi kuyamba kukolola cimanga cambiri, lamulo la 1936 linagawa msika wa m'dziko, ndi kupatsa anthu akuda onse gawo limodzi lokha mwa magawo anai. M'matauni malo a masitolo anagawidwa, ena a Azungu, ena a Amwenye, ndipo m'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda ankagulira pa kazenera ka kumbali, osaloledwa kulowa ndi kusankha. Cotero wofuna kuyamba malonda anayambira pansi penipeni: mazira ndi nkhuku pa siteshoni, nsaru ndi sopo pa njinga kunka nazo ku midzi, kanyumba kogulitsiramo tiyi ndi mabanzi, kapena makina osokera pa khonde la sitolo ya Mmwenye.

Pa khonde limenelo pali cinthu coyenera kuciyang'anitsa. Anthu ambiri ankati Amwenye amalemera cifukwa ca mankhwala, kapena cifukwa anabwera ndi cuma kucokera kwao. Koma ambiri a iwo anafika opanda kanthu. Mnyamata Wacimwenye ankayamba ndi kugwira nchito m'sitolo ya mbale wace zaka zingapo, malipiro ace ocepa, kugona kuseri kwa sitolo komweko. M'zaka zimenezo anaphunzira kuyesa nsaru, kuwerenga katundu wotsala, kulemba buku la zolowa ndi zoturuka, ndi kudziwa cimene anthu a dera limenelo amakonda. Pambuyo pace wogulitsa katundu wambiri ankampatsa katundu pa ngongole kuti akatsegule sitolo yaceyace, pakuti anamdziwa. Munthu wakuda wogwira nchito m'sitolo yomweyo ankanyamula mitolo ndi kusesa, nadziwa mitengo yonse yogulitsira, koma mtengo wogulira, ndi buku lija, sanali kuziona; ndipo wompatsa katundu pa ngongole panalibe.

Sukulu nayonso sinatseke mpata umenewu. Cakumapeto kwa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 a mishoni ya Primitive Methodist anatsegula sukulu yao yochuka pafupi ndi Kafue, mtsogoleri wace Mbusa John Fell. Anyamata anaphunzira kumeneko uphunzitsi, ulimi, ukalipentala ndi kumanga nyumba, ndipo mmodzi wa iwo anali Harry Mwaanga Nkumbula, amene anakhala mtsogoleri wa Congress m'caka ca 1951. Palibe munthu woona mtima anganyoze nchito ya sukulu zotere. Koma colinga cao cinali kuturutsa aphunzitsi, alaliki ndi amisiri olembedwa nchito ndi ena. Mnyamata ankaturuka akudziwa kupala citseko cosalala bwino, koma kuchula mtengo wa citsekoco, kuwerengeramo matabwa, misomali, masiku ace ndi kutha kwa zipangizo, anakaphunzira yekha, kawirikawiri atayamba wataya.

Sukulu yeniyeni ya malonda kwa anthu akuda a dera limeneli inali mtsinje. Lusaka anakhala likuru la dziko m'caka ca 1935, nayamba kudzaza ndi anthu. Migodi ya mkuwa inasonkhanitsa anchito zikwi zambiri, onsewo ofuna ndiwo. M'caka ca 1949 a Beit Trust anamanga ulalo wa mseu pa Kafue, ndi zitsulo zimene zinayamba zakhala ulalo wongoyembekezera pa mtsinje wa Thames ku London m'nthawi ya nkhondo, ndipo magalimoto analeka kudikira pantoni. M'zaka za m'ma 1950 munafika maukonde a nailoni, opepuka, osaola msanga monga aja a luzi. Zinthu zitatuzi, msika, mseu ndi ukonde, zitakumana, asodzi anakhamukira ku dambo la Kafue kucokera ku Barotseland, ku Luapula ndi ku Nyasaland komwe, namanga misasa m'mphepete mwa madzi, monga ku Chanyanya ndi kwina. Pambuyo pa asodzi panadza ogula, poyamba pa njinga, kenaka pa malole. Malonda amenewa Azungu ndi Amwenye sanawalowerere kwambiri, pakuti anali a matope, udzudzu ndi pfungo. Cotero anasiyidwa m'manja mwa eni dziko.

Nsomba ndi mphunzitsi waukali, cifukwa sizidikira. Nsaru ikapanda kugulidwa lero idzagulidwa mwezi wa mawa, koma nsomba yaiwisi yogwidwa m'mamawa, popanda madzi oundana, pofika madzulo yayamba kubvunda. Wogula anayenera kusankha asanacoke ku dooko: kodi athamange nazo zaziwisi ku Lusaka, kumene mtengo uli wabwino koma tsoka la tayala limodzi lingathe kumtayitsa zonse, kapena akhale pa msasa masabata awiri kapena atatu, kuzing'amba, kuziwamba pa moto ndi kuzimanga m'mitolo, kuti apite nazo kutari ku migodi? Zouma nazonso ziri ndi adani ao. Zikapanda kuuma bwino zimacita nkhungu. Zikaumitsa zimafumbutuka pa lole. Zikakhalitsa zimalowa tizirombo. M'dambo mulibe mitengo, cotero nkhuni zowambira zinali zogula kapena zonyamula kucokera kumtunda.

Pamenepa mpamene masamu a ku sukulu amapeza nchito yace. Wowerenga ayerekeze munthu wa masiku amenewo amene ali ndi mpamba wa masheleni 100. Mawerengerowa ndi ongofanizira cabe. Wagula nsomba za masheleni 70. Ulendo wace ndi wa mtolo wace, kupita ndi kubwera, wadya masheleni 12. Nkhuni, mcere ndi cakudya ca pa msasa 8. Msonkho wa pa msika 2. M'thumba mwatsala 8. Nsombazo zikadafika zonse zikadagulitsidwa masheleni 120, koma limodzi mwa magawo khumi laonongeka pa njira, ndipo walandira 108. Tsono munthu wosazolowera amati, ndinagula 70, ndagulitsa 108, phindu langa ndi 38. Nagula malaya, natumiza kwao, namwako pang'ono, mpaka 38 yense watha. Koma phindu lace loona linali 16 yekha. Pobwerera ku mtsinje ali ndi masheleni 78 m'malo mwa 100, ndipo popeza mtengo wa lole ndi wa nkhuni sucepa cifukwa mtolo wacepa, tsopano angathe kugula nsomba za masheleni 56 okha. Ulendo wacitatu mtolo ucepanso. Pofika wacisanu alikunena kuti wina wamlodza, cikhalireco palibe anamgwira kanthu. Wadya mbeu yace yekha pang'onopang'ono, osadziwa. Amene anakhalitsa pa malondawa, ngakhale ena sanadziwe kulemba dzina lao, anali ndi njira yolekanitsira ndarama za mpamba ndi ndarama za pakhomo, wina pa mfundo ziwiri za mpango, wina m'zitini ziwiri.

Kuwerenga kokha sikunakwanire. Pa msasa ogula anali ambiri, ndipo masiku ena nsomba zinali zocepa. Msodzi ankayamba kugulitsa kwa munthu amene anamkumbukira pa nthawi ya usiwa, amene anamtengera ufa, mcere, sopo kapena ukonde watsopano, kuti adzabweze ndi nsomba. Imeneyi inali ngongole yopanda kalata ndi yopanda mboni ya Boma. Wamalonda anayenera kuzindikira anthu, pakuti msodzi wina ukampatsa ukonde usiku womwewo wapalasa bwato kunka ku msasa wina. Anayenera kudziwanso nyengo za madzi: mtsinje ukasefukira nsomba zimabalalika m'udzu ndipo zigwidwa pang'ono, madzi akamaphwa zimasonkhana m'maiwe ndipo mtengo umagwa. Anafunika Citonga kapena Ciila pa dooko, Cinyanja pa msika wa ku Lusaka, Cibemba ku migodi. Pa msika anaphunzira kuti kansomba kamodzi ka mbasela, koperekedwa ndi nkhope yosekera, kamabweza wogula mawa, ndi kuti mbasela yoperekedwa kwa ali yense popanda kuwerenga imatha mtolo. Akuru anati malonda ndi m'maso. Wotuma mwana ku dooko iye ali gone ku tauni sanacedwe kuona tanthauzo lace.

Kunalinso mlandu wa abale, umene suli wopepuka monga ena amaunenera. Munthu akaoneka ndi mtolo, mlongo wace afuna za sukulu ya mwana, amalume ali ndi mlandu ku bwalo, kumudzi kwagwa maliro. Kukana zonse ndiko kudzidula pa mtundu, ndipo tsiku limene lole idzagwa, omdzutsa adzakhala abale omwewo. Kubvomera zonse ndiko kutseka malonda. Ocenjera anapeza njira ya pakati: anapatsa mbale nchito m'malo mwa ndarama, kapena anampatsa kamtolo kace kuti akayese yekha, ndipo anathandiza kucokera pa phindu, osakhudza mpamba.

Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo makamaka Azungu a ku Southern Rhodesia atadzilengeza okha kuti ali pa ufulu m'November 1965, Boma la Zambia linaona kuopsa kwa kudalira katundu wocokera kumwera. Linatsimikiza kumanga mafakitale ace, ndipo Kafue anasankhidwa cifukwa pali madzi, njanji, mseu, ndi magetsi amene anali kudza, pakuti damu la Kafue Gorge linali kumangidwa ndipo linayamba kupereka magetsi m'caka ca 1971. Nchitoyi inali m'manja mwa bungwe la Boma la Indeco, limene mtsogoleri wace kuyambira 1965 anali Andrew Sardanis. Munthu ameneyu anafika m'dziko muno kucokera ku Cyprus m'caka ca 1950 ali mnyamata, naphunzira malonda m'masitolo a kumidzi ndi pa malole m'cigawo ca kumpoto cakumadzulo. Akatswiri a kampani ya Doxiadis ya ku Greece analemba mapulani a tauni yatsopano, ndipo nyumba za Kafue Estates zinamangidwa. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, yomangidwa ndi a Kobe Steel a ku Japan, inayamba nchito m'caka ca 1970, kupanga feteleza ndi mankhwala ophulitsira miyala m'migodi. Pa nyengo yomweyo Kafue Textiles inayamba kuomba nsaru ndi kudinda zitenje ndi thonje la m'dziko momwemo. Panalinso fakitale ya Bata yofufuta zikopa, ina ya yisiti, ina yoluka maukonde. Kamudzi ka pa siteshoni kanasanduka tauni ya anthu a malipiro a pa mwezi.

Amalonda ang'onoang'ono nawonso anatseguliridwa khomo. Pa 19 April 1968, pa thanthwe la Mulungushi, President Kaunda analengeza kuti Boma litenga magawo 51 mwa 100 m'makampani akuru oposa makumi awiri, ndi kuti malaisensi a masitolo a kumidzi ndi a kunja kwa pakati pa matauni akuru adzapatsidwa kwa nzika za Zambia zokha. Masitolo ambiri a alendo anagulitsidwa, ndipo makalaliki, aphunzitsi ndi andale anakhala eni masitolo m'mwezi umodzi. Cosalungama ca zaka makumi asanu ndi limodzi cinakonzedwa ndi lamulo, ndipo kunali koyenera kutero. Koma lamulo linapereka laisensi ndi makiyi. Zaka zija za kuseri kwa kauntala silinathe kuzipereka. Ambiri anagulitsa katundu amene anampeza m'mashelefu, naona ndarama zambiri m'kabati, naziyesa phindu, monga munthu wa mtolo uja. Pofuna kuodanso katundu anapeza kuti ndarama zapita, ndipo mwini holoselo safuna kukongoza munthu amene samdziwa. Ngongole za Boma sizinacize nthendayi. Bungwe la Credit Organisation of Zambia, limene linakongoza alimi ndi makopaletivu m'zaka zoyamba za ufulu, linagwa zaka za m'ma 1960 zisanathe bwino, cifukwa ambiri anayesa ngongolezo mphotho ya ufulu ndipo sanabweze. Akatswiri awiri, Andrew Beveridge ndi Anthony Oberschall, amene anafufuza za amalonda Aciafirika a m'Zambia ndi kusindikiza buku lao m'caka ca 1979, anapeza kuti ambiri a iwo anayamba ndi ndarama zimene anasunga okha pa nchito yolembedwa, nakula pang'onopang'ono pobwezera phindu m'malonda.

Pa Kafue zaka zoyambazo zinali zokoma. Mwini golosale wa ku Estates sanasowe ogula. Anali ndi buku la ngongole, anchito natenga sopo, shuga ndi mafuta mwezi wonse, nalipira tsiku la malipiro. Atelala, ophika mowa, eni mabasi ang'ono ndi amai a pa msika onse anamwa pa citsime cimodzi. Ocepa okha anadzifunsa kuti citsimeco cikadzaphwa kudzakhala kotani, pakuti ndani akadaganiza kuti fakitale ya Boma ingathe kufa?

Koma mafakitale aja anali ndi nthenda yobisika. Makina ao, zitsulo zosinthira, utoto wa nsaru ndi mankhwala ambiri zinali zogula kunja ndi ndarama zakunja, ndipo ndarama zimenezo zinkacokera ku mkuwa. Mtengo wa mafuta utakwera m'caka ca 1973, ndi wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, makina anayamba kuima masiku ambiri kudikira kacitsulo kamodzi. Mitengo yogulitsira inkaikidwa ndi Boma, nthawi zina yosafika pa ndarama zimene zinalowa popanga katunduyo. Ndipo popeza katundu wakunja analetsedwa kapena kukhomeredwa msonkho waukuru, wogula analibe kwina kopita, cotero fakitale sinakakamizidwe kuphunzira cimene mai wa nsomba amaphunzira sabata loyamba, ndico kuti wogula angathe kupitirira ndi kukagula kwa mnzako. Boma la President Chiluba litalowa m'caka ca 1991, zipata zinatsegulidwa. Nsaru zochipa za ku Asia ndi zobvala zakale za salaula zinadzaza misika, feteleza wakunja analowa. Kafue Textiles inafooka zaka zingapo, nitseka m'zaka zoyamba za m'ma 2000. Nitrogen Chemicals inacepetsa nchito ndi anchito, ndipo ambiri ocotsedwa anadikira zaka kuti alandire ndarama zao zotsiriza. Mabuku a ngongole a m'magolosale anatsala ndi maina a anthu amene analibenso tsiku la malipiro, ndipo eni masitolo anagwa pamodzi ndi amene anawakongoza.

Pamenepo anthu mazana ambiri amene sanalotepo za malonda anakankhidwiramo ndi njala. Sikulakwa kunena kuti imeneyi inali nthawi yacitatu imene anthu a pa Kafue anayamba malonda mwaunyinji, itapita ya nsomba ndi ya Mulungushi, ndipo inali yowawa koposa zonse, cifukwa anayamba pamene ogula anali atasauka. Colakwa cofala cinali kutsanzirana. Wina akamanga kantemba ka shuga, mafuta ndi makandulo, mnansi wace amanganso kotero, mpaka mseu umodzi uli ndi tuntemba khumi togulitsa zinthu zimodzimodzi kwa anthu omwewo. Ena anathira ndarama zao zonse zotsiriza pa basi yakale imodzi, osasiyako za tsiku limene injini idzafa. Ena, mpamba utacepa, anathamangira kaloba, ngongole ija ya ciongoladzanja coopsa ca pa mwezi, imene palibe malonda a sopo angathe kuibweza. Amene anaimirira msanga kawirikawiri anali a mitundu iwiri. Oyamba ndiwo amisiri, owocherera zitsulo, okonza makina ndi magetsi, osoka, amene anaturuka m'fakitale ndi luso m'manja, ngati anaphunzira kuchula mtengo woyenera ndi kutsiriza nchito pa tsiku limene analonjeza. Aciwiri ndiwo akazi ao a anchito aja, amene zaka zonsezo anali kugulitsa tomato, zitumbuwa kapena nsomba, amuna ao nkumaseka kuti ndi malonda a ndarama za mcere. Amai amenewa anali kale ndi ogula ao, anadziwa kooda, ndipo anali m'magulu a cilimba, m'mene anthu amasonkha ndarama ndi kupatsana mosinthana, mpamba wopanda ciongoladzanja umene cikole cace ndi mbiri ya munthu. M'nyumba zambiri za ku Estates ndi ku Zambia Compound tebulo la mai la pa msika ndilo linalipira sukulu ya ana.

Mtsinje umene anthuwa anabwererako sunali uja wa 1950. Damu la Itezhi-Tezhi, lotsirizidwa m'caka ca 1977 kumtunda kwa dambo, pamodzi ndi la Kafue Gorge kumunsi, linasintha nyengo za kusefukira, kotero kuti madzi anayamba kutsata zofuna za magetsi koposa za mvula. Asodzi anacuruka, ena nayamba kukokera maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale a udzudzu, amene amatha ndi ana a nsomba omwe. M'zaka za m'ma 1990 namasupuni, amene anthu a kumeneko amamucha udzu wa Kafue, anaphimba madzi pafupi ndi maulalo mpaka mabwato kulephera kupyola. Nsomba yacilendo ya mtundu wa cambo, yocokera ku mtsinje wa Nile, inapulumuka m'maiwe oweteramo nsomba niswana m'dambo monse, ndipo pambuyo pace zinafika nkhanu zacilendo za ku Australia, zimene zimadya nsomba zokodwa m'maukonde usiku. Asodzi anazitemberera, ena anayamba kuzigwira ndi kuzigulitsa kwa Acaina ndi ku mahotela. Cimodzimodzinso fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries itatsegulidwa pa Kafue cakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, yosungunula zitsulo zakutha, panabadwa malonda a anthu otola ndi kuunjika zitsulo zotayidwa, ndi kuzigulitsa pa sikelo.

Caka ndi caka, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, Boma limatseka usodzi pa Kafue kuti nsomba ziswane, ndipo wopezeka ndi nsomba za mumtsinje m'miyezi imeneyo amalandidwa katundu ndi kuimbidwa mlandu. Miyezi itatuyi ndiyo ya mvula, ya njala, ndiponso ya ndarama za mayunifomu ndi mabuku a ana mu January. Wogulitsa amene wayamba caka comweco amaidziwa nkhaniyi itamgwera, ndipo pofika March mpamba wace wapita ku ufa. Amene akhala pa ulalo paja zaka zambiri amayamba kupatula kandarama mu September, nsomba zikali zambiri. December akafika, ena amatsata mseu wa ku Chirundu, nakhotera ku Siavonga kukaoda kapenta ndi nsomba zoweta za m'nyanja ya Kariba; ena amasandukira mango, bowa ndi cimanga caciwisi, nakhala pa malo ao omwewo kuti ogula asawaiwale, kufikira tsiku loyamba la March, pamene mabwato amabwerera pa madzi.